XAMPP ndi Abale Ake: Zimene Phukusi Limakubisirani Mpaka Tsiku Lokweza Webusaiti

Webusaiti yolembedwa mu PHP siitseguka poidina kawiri ngati chithunzi kapena kalata. Imafuna kuti zinthu zitatu zizigwira ntchito nthawi imodzi: seva yolandira zopempha kuchokera ku browser, pulogalamu yowerenga ndi kuyendetsa PHP, ndi database yosunga maina, mitengo, mapasiwedi ndi zina zotero. Kuika zitatuzi chimodzichimodzi n'kuzilumikiza kuti zimvane kungadye tsiku lathunthu la munthu amene akungoyamba kumene. N'chifukwa chake kunabwera maphukusi monga XAMPP, WampServer, MAMP ndi Laragon. Mumadawuniloda fayilo imodzi, XAMPP ya Windows ili pafupifupi 150 MB, mumaiika, mumalemba localhost pa browser, tsamba n'kutuluka. Kuchokera pamenepo intaneti siifunikanso, ndipo kwa munthu wowerengera bandulo limeneli si phindu laling'ono.

Maphukusi amenewa ndi abwino, ndipo aliyense amene akuphunzira ayenera kuyambira pamenepo popanda manyazi. Koma anawakonza kuti akhale olekerera. Amavomera zolakwa zimene seva yeniyeni, ya Linux, ya kampani yosungira mawebusaiti, idzakana tsiku lomwelo. Mavuto ambiri amene anthu amawatchula kuti "XAMPP yandivuta" amachokera pa mpata umenewu, kapena pa kusadziwa kuti m'phukusimo muli mapulogalamu osiyana, aliyense ndi fayilo yake ya malamulo, port yake (nambala ya khomo lolandirirapo zopempha) ndi log yake (fayilo yolembamo zochitika ndi zolakwa).

Banja lonseli linayamba ndi dzina lakuti LAMP, limene Michael Kunze analilemba mu 1998 m'magazini ya makompyuta ya ku Germany yotchedwa c't: Linux, Apache, MySQL, PHP. Zitatu zomalizazo zonse ndi za mu 1995. Apache inachokera kwa gulu la anthu amene ankakonza seva yakale ya NCSA, PHP inachokera kwa Rasmus Lerdorf, ndipo MySQL inachokera ku kampani ya ku Sweden imene Michael Widenius ndi David Axmark anali m'gulu la oiyambitsa. XAMPP inabwera mu 2002 kuchokera kwa Kai Seidler ndi Kay Vogelgesang, pansi pa dzina la Apache Friends, ndipo imayenda pa Windows, Linux ndi macOS. WampServer, ya Romain Bourdon wa ku France, ndi ya Windows yokha. MAMP inayambira pa Mac. Laragon, ya Leo Khoa, inabwera mochedwa ndipo inatchuka chifukwa chopangira ntchito iliyonse dzina lakelake popanda inu kulemba kanthu, ngakhale kuti pulogalamu yoyendetsera Laragon yeniyeniyo si yotseguka monga zilili zimene zili m'kati mwake.

Pali chinthu chimodzi m'mbiri imeneyi chimene chimakhudza ntchito ya tsiku ndi tsiku. Sun Microsystems inagula MySQL mu 2008, Oracle inagula Sun mu 2010, ndipo Widenius anali atapatuka kale mu 2009 n'kuyambitsa MariaDB, database yochokera mu code ya MySQL. Kuyambira mu 2015 XAMPP imabwera ndi MariaDB. Batani la pa Control Panel limanenabe kuti MySQL, foda ndi C:\xampp\mysql, koma mukalemba SELECT VERSION(); mu phpMyAdmin (tsamba loyendetsera database pa browser) ya XAMPP 8.2.12 muona 10.4.32-MariaDB. MySQL ndi MariaDB anali ofanana kwambiri kale, koma chichokereni MySQL 8 akhala akutalikirana, ndipo tibwereranso pamenepa.

Kuika, ndi nkhondo ya port 80

Pa Windows, XAMPP iikeni mu C:\xampp, osati mu C:\Program Files. Windows imateteza foda imeneyo ndi User Account Control, ndiye Apache ndi MariaDB zimalephera kulemba ma log ndi mafayilo awo. Pa mndandanda wa zoti ziikidwe chotsani FileZilla, Mercury ndi Tomcat ngati simukuzifuna, chifukwa chilichonse chimatsegula port yake. WampServer ili ndi vuto lake: imafuna kuti ma Visual C++ Redistributable a Microsoft akhale ataikidwa kale, a 32-bit ndi a 64-bit omwe, ndipo mukaona uthenga wakuti VCRUNTIME140.dll kapena MSVCR110.dll ikusowa, vuto ndi limenelo. Musadawunilode ka DLL kamodziko pa mawebusaiti osadziwika. Ikani maphukusi enieni a Microsoft, kenako muikenso WampServer. Kachizindikiro kake pansi pa sikirini kamanena zonse: kobiriwira zonse zikuyenda, kalalanje china chakana, kofiira palibe chimene chadzuka.

Apache ikakana kudzuka, kawirikawiri ndi chifukwa pulogalamu ina yatenga kale port 80 kapena 443. Port imodzi siingamveredwe ndi mapulogalamu awiri. Tsegulani Command Prompt mulembe netstat -ano | findstr :80 ndipo nambala yakumapeto kwa mzere umene uli ndi mawu akuti LISTENING ndi PID (nambala yodziwira pulogalamu) ya wolanda malowo. Ifunefuneni mu Task Manager pa Details. Ikakhala PID 4, imeneyo ndi Windows yeniyeniyo kudzera mu http.sys, ndipo kumbuyo kwake kumakhala IIS, seva ya mawebusaiti ya Microsoft, kapena SQL Server Reporting Services. Pa IIS, pitani mu services.msc, muimitse World Wide Web Publishing Service, muisinthe kukhala Manual kuti isadzukenso mukayatsa kompyuta. Skype yakale inkatenga 80 ndi 443, ndipo VMware Workstation yakale inkatenga 443.

Ngati wolandayo mukumufuna, sunthani Apache. Mu C:\xampp\apache\conf\httpd.conf sinthani Listen 80 kukhala Listen 8080, ndi ServerName localhost:80 kukhala localhost:8080. Za 443 zili mu conf\extra\httpd-ssl.conf. Kuyambira pamenepo adiresi ndi localhost:8080. MAMP inazemba nkhondo yonseyi posankha 8888 ya Apache ndi 8889 ya database, dzina root (user wamkulu wa database), pasiwedi root, ndipo amene wachokera ku XAMPP n'kuiwala 8889 amakhala nthawi yaitali akudabwa kuti database yapita kuti. Pa port 3306 nkhani ndi yomweyo: ngati munaikapo MySQL payokha pa kosi ina, ikuyendabe mwakachetechete ngati service, ndipo ndi imene yatseka njira. WampServer imabwera ndi zonse ziwiri, ina pa 3306 ina pa 3307, choncho onetsetsani kuti phpMyAdmin ndi code yanu zikulankhula ndi seva imodzi.

Magetsi akazima database ili m'kati molemba

Apa m'pofunika kukhalitsapo, chifukwa ndi pamene anthu amatayira ntchito ya miyezi. Uthenga wofiira wakuti "MySQL shutdown unexpectedly" sunena chifukwa chake. Chifukwacho chili mu C:\xampp\mysql\data\mysql_error.log, m'mizere yakumapeto. Kwathu kuno kumene magetsi amazimazima, ndipo makompyuta ambiri a pa desiki alibe UPS ndi malaputopu ambiri batire linatha, chifukwa chofala ndi chakuti MariaDB inadulidwa ili m'kati molemba. Kuzimitsa Windows musanadine Stop pa Control Panel kungachite zomwezo.

Kuti mukonze popanda kuwononga, muyenera kudziwa zimene zili mu foda ya data. Database iliyonse ili ndi foda yake, ndipo tebulo lililonse la InnoDB (engine, kapena kuti njira yosungira matebulo) lili ndi mafayilo awiri, la .frm lofotokoza kamangidwe ndi la .ibd losunga mizere. Koma mafayilo amenewa paokha sakwanira. Fayilo yotchedwa ibdata1, imene ili kunja kwa mafoda onsewo, ndi imene ili ndi kaundula wa matebulo onse a InnoDB. Ili ngati buku la kwa amfumu lolembamo malire a minda: minda ikhoza kukhalapo bwinobwino, koma bukulo likapsa palibe angatsimikize kuti uti ndi wa ndani. Malangizo amene amafala pa intaneti akuti "fufutani ibdata1" amachititsadi kuti batani likhale lobiriwira, koma mukatsegula tebulo mumalandira error 1932, yakuti tebulolo mu engine mulibe. Musafufute ibdata1 ngati muli ndi kanthu kalikonse kamene mukukafuna mu database.

Choyamba, musanakhudze chilichonse, koperani foda yonse ya data kwina. Kenako werengani log. Ikatchula Aria, engine ina ya MariaDB, kapena matebulo a mu database ya mysql monga db kapena global_priv, ndiye kuti zimene zawonongeka ndi matebulo a maufulu, osati ntchito yanu. Kuyambira MariaDB 10.4 matebulo amenewa amasungidwa ndi Aria, ndipo amavulala msanga. Pulogalamu ya aria_chk.exe, imene ili mu C:\xampp\mysql\bin, ikhoza kukonza tebulo lotero mukaipatsa -r ndi dzina la fayilo yake ya .MAI. Njira ina, imene ambiri amaidziwa, ndi iyi: sinthani dzina la data likhale data_old, koperani foda ya C:\xampp\mysql\backup muitche data, mukoperemo mafoda a ma database anu okha kuchokera mu data_old, kusiya mysql, performance_schema ndi phpmyadmin, ndipo pomaliza mukopere ibdata1 ya mu data_old ilowe m'malo mwa yatsopanoyo. Imagwira ntchito nthawi zambiri, koma dziwani mtengo wake. Ma user onse amene munapanga ndi mapasiwedi awo atha, chifukwa anali mu foda ya mysql, ndipo root wabwerera kukhala wopanda pasiwedi.

Log ikatchula InnoDB yeniyeniyo, tsegulani C:\xampp\mysql\bin\my.ini, pansi pa mutu wa mysqld muwonjezere innodb_force_recovery=1, muyese kuyatsa. Ikakana, kwezani kufika 2, kenako 3. Kuyambira 4 kupita pa 6 mukhoza kuwonongeratu zimene mukufuna kupulumutsa, choncho kumeneko musapite musanakhale ndi kopi ya foda ija. Seva ikangodzuka, m'njira iliyonse mwa zimenezi, musayambe kugwira ntchito ngati palibe chachitika. Tulutsani zonse mu fayilo ya SQL, chotsani mzere wa force_recovery, muyambe ndi foda ya data yoyera, mulowetsenso.

Fayilo ya SQL imeneyo ndiyo iyenera kukhala chizolowezi, osati chothawirako. Dinani batani la Shell pa Control Panel mulembe:

mysqldump -u root --single-transaction --routines --databases sukulu --result-file=D:\zosunga\sukulu.sql

Gwiritsani --result-file m'malo mwa chizindikiro cha >, chifukwa PowerShell yakale ya Windows imalemba fayilo yotero mu UTF-16, ndipo tsiku lolowetsanso imakana. Mzere umenewu uikeni mu fayilo ya .bat, muupatse Task Scheduler aziuyendetsa tsiku lililonse, ndipo kopi ina izikhala pa flash kapena kwina kulikonse kumene si hard drive yomweyo. Kukopera foda ya data seva ikuyenda si kusunga, chifukwa mafayilo amakhala akusintha pamene mukuwakopera.

Fayilo ya php.ini

PHP yokha imabwera ndi malire aang'ono: upload_max_filesize ya 2M, post_max_size ya 8M, memory_limit ya 128M ndi max_execution_time ya masekondi 30. XAMPP imakweza malire amenewa kuti musavutike, mwachitsanzo awiri oyambawo amafika 40M. N'zabwino pophunzira, koma zikutanthauza kuti fomu yokwezera zithunzi imene ikuyenda kwanu ikhoza kukana pa seva. Ndipo imakana moipa: fayilo ikaposa post_max_size, PHP imataya zonse, $_POST ndi $_FILES zimafika zopanda kanthu, ndipo code yanu imaganiza kuti munthuyo sanadzaze fomu. Nthawi zonse post_max_size izikhala yoposa upload_max_filesize. Malire omwewa ndi amene amaletsa phpMyAdmin kulowetsa fayilo yaikulu ya SQL, ndipo m'malo mowakweza lembani mysql -u root sukulu < sukulu.sql mu Shell, zitha msanga.

Ma extension ena amabwera atazimitsidwa. Composer, chida choikira ma package a PHP, ikadandaula za gd, intl kapena zip, funani mzere wonga ;extension=gd muchotse ka semicolon koyambirira. Mukasintha chilichonse mu php.ini dinani Stop kenako Start pa Apache, chifukwa mu XAMPP PHP imayenda m'kati mwa Apache ndipo imawerenga fayiloyo kamodzi kokha podzuka. Mukasintha koma osaona kusintha, mwina pa kompyutapo pali ma PHP awiri. Lembani where php ndi php --ini pa Command Prompt, muyerekeze ndi mzere wa Loaded Configuration File pa tsamba la phpinfo. Composer imagwiritsa PHP imene ili mu PATH, browser imagwiritsa ya Apache, ndipo ziwirizi zikhoza kukhala zosiyana.

Mzere umodzi umene ambiri sauona ndi date.timezone. XAMPP imabwera ili pa Europe/Berlin. Kuyambira kumapeto kwa Marichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, Germany imakhala maola awiri patsogolo pa UTC, chimodzimodzi ndi Malawi, Zambia ndi Mozambique, ndiye nthawi imaoneka yolondola. Lamlungu lomaliza la Okutobala iwo amabweza mawotchi ndi ola limodzi, ife sitibweza, ndipo malisiti ndi ma log anu onse amayamba kutsalira ndi ola. Chinthu cholembedwa 00:30 usiku chimagwera tsiku ladzulo, lipoti la tsiku n'kusiyana ndi ndalama za m'kabati. Lembani Africa/Blantyre, Africa/Lusaka kapena Africa/Maputo, ndipo onani ngati mzerewo sunalembedwe kawiri m'fayilomo, chifukwa wakumunsi ndi umene umapambana. Chabwino koposa ndi kuika nthawi mu code ya ntchitoyo, kuti isadalire php.ini ya wina aliyense.

Ntchito iliyonse ndi dzina lake

Kuponya ntchito zonse mu htdocs, foda imene Apache ya XAMPP imatengamo masamba, n'kumazitsegula ngati localhost/sukulu kumaphunzitsa chizolowezi choipa. Ma link amayamba kukhala ndi /sukulu/ m'kati, ndipo pa seva pamene webusaitiyo ili pamwamba penipeni pa domain, zithunzi ndi CSS zimasowa. Pa Laravel, framework yopangira mawebusaiti mu PHP, n'zoopsanso: foda yokhayo imene iyenera kuonekera kunja ndi public, koma mukaika ntchito yonse mu htdocs, fayilo ya .env, imene ili ndi mapasiwedi, ikhoza kuwerengedwa pa browser. Mankhwala ake ndi virtual host, njira yopatsa ntchito iliyonse dzina lake ndi foda yake mu Apache. Mu C:\xampp\apache\conf\extra\httpd-vhosts.conf lembani:

<VirtualHost *:80>
ServerName sukulu.test
DocumentRoot "C:/ntchito/sukulu/public"
<Directory "C:/ntchito/sukulu/public">
AllowOverride All
Require local
</Directory>
</VirtualHost>

Kenako tsegulani Notepad ngati Administrator, mu C:\Windows\System32\drivers\etc\hosts muwonjezere mzere wakuti 127.0.0.1 sukulu.test. Pa Linux ndi Mac fayiloyo ndi /etc/hosts. Virtual host yoyamba m'fayilo ndi imene Apache imapereka dzina likapanda kufanana ndi lililonse, choncho ikani ya localhost, yoloza ku C:/xampp/htdocs, pamwamba pa zonse. Popanda AllowOverride All fayilo ya .htaccess, ya malamulo a Apache a mu foda ya ntchitoyo, siiwerengedwa, ndipo masamba onse a WordPress kupatula loyamba amabweza 404. Popanda mzere wa Require mumalandira 403. Apache ikakana kudzuka mutasintha, httpd -t mu Shell idzakuuzani fayilo ndi mzere umene walakwika.

Mapeto a dzinalo akhale .test, amene anapatulidwa mu 1999 ndi RFC 2606 kuti asadzagulitsidwe kwa aliyense. Anthu ambiri ankagwiritsa .dev, koma imeneyo ndi ya Google, ndipo kuyambira Chrome 63 mu Disembala 2017 browser imakakamiza HTTPS pa dzina lililonse la .dev. Nayo .local imalimbana ndi Bonjour pa Mac ndipo imachedwetsa masamba. Mukafuna kuona ntchitoyo pa foni, onjezerani mzere wonga Require ip 192.168 pansi pa Require local, pezani IP ya kompyuta ndi ipconfig, muiike ngati ServerAlias, ndipo foni ndi kompyuta zikhale pa Wi-Fi kapena hotspot imodzi.

Kumene Windows imakhululuka koma Linux ayi

Kwa Windows, Logo.PNG ndi logo.png ndi fayilo imodzi. Kwa Linux ndi mafayilo awiri. Choncho require 'Config.php' imayenda kwanu pamene fayilo ili config.php, ndipo pa seva tsamba limatuluka loyera kapena ndi error 500. Database nayo imatero: lower_case_table_names imakhala 1 pa Windows, kutanthauza kuti maina a matebulo onse amasungidwa m'zilembo zazing'ono, koma pa Linux imakhala 0. Munapanga tebulo la Ophunzira, Windows inalisunga ngati ophunzira, dump (fayilo ya SQL ya mysqldump ija) inatenga dzina limenelo, ndipo pa seva SELECT * FROM Ophunzira imakana. Maina a mafayilo ndi a matebulo alembeni m'zilembo zazing'ono kuyambira tsiku loyamba, ndipo m'njira za mafayilo gwiritsani / osati \, popeza PHP pa Windows imamva zonse ziwiri.

Chilembo cha ŵ, cha mu Malaŵi ndi m'mawu ambiri a Chichewa ndi Chitumbuka, mu latin1 mulibe. Column ikakhala ya latin1 chilembocho chimasanduka ? ndipo sichibwereranso. Column ikakhala bwino koma kulumikizana kwa PHP ndi database kuli pa latin1, ma byte ake awiri, C5 ndi B5, amawerengedwa ngati zilembo ziwiri, ndipo mu phpMyAdmin mumaona MalaÅµi. Choipa n'chakuti webusaiti yanu ikhoza kumaonetsa bwinobwino, chifukwa kulakwitsa kwa polemba kumafafanizidwa ndi kulakwitsa komweko powerenga, mpaka tsiku losamukira ku seva ina. Pangani database ndi utf8mb4, osati utf8 chabe, imene mu MySQL imathera pa ma byte atatu ndipo siisunga emoji. Kenako lembani charset=utf8mb4 mu DSN ya PDO, kapena set_charset pa mysqli. Musadalire zimene my.ini ya phukusi yakuikirani.

Tsopano tibwerere kwa MariaDB ndi MySQL. Dump yochokera ku MySQL 8 imakhala ndi collation (lamulo losanjira zilembo) ya utf8mb4_0900_ai_ci, imene MariaDB 10.4 siidziwa, ndipo imabweza error 1273. Tsegulani fayiloyo musinthe mawuwo paliponse akhale utf8mb4_unicode_ci. Mbali inayo, MySQL kuyambira 5.7 imayatsa ONLY_FULL_GROUP_BY yokha, pamene MariaDB siitero, ndiye query ya GROUP BY yolembedwa mosasamala imayenda kwanu n'kukana pa seva. Lembani SELECT @@sql_mode; mbali zonse ziwiri muyerekeze. Ngati kwanu STRICT_TRANS_TABLES palibe, database ikudula mwakachetechete mawu otalika kuposa column ndipo ikuvomera zinthu zimene seva idzakana. Koperani sql_mode ya pa seva muiike mu my.ini yanu. Ndi bwino zolakwa zikupezeni pa desiki.

PHP nayo ifanane. Ma function akale a mysql_connect anachotsedwa mu PHP 7.0 mu 2015, koma mabuku ndi mavidiyo owaphunzitsa akadalipo ambiri. Kuyambira PHP 8.1 mysqli imaponya exception query ikalephera, m'malo mongobweza false. Nambala ya XAMPP ndi nambala ya PHP imene ili m'katimo, choncho funsani kaye kuti seva ili ndi PHP iti musanadawunilode. Pa WordPress pali msampha wina posamuka: adiresi yakale imakhala itamwazika mu database, ina m'kati mwa zinthu za serialize zimene zimasunga ndi chiwerengero cha zilembo. Mukasintha ndi Notepad, chiwerengerocho sichigwirizananso ndipo ma widget ndi makonzedwe a theme amasowa. Gwiritsani wp search-replace ya WP-CLI, imene imawerengeranso.

Phukusi lophunzirira si seva ya ofesi

Apache Friends eni ake amanena poyera kuti XAMPP ndi yopangira ntchito, osati yoika pamaso pa anthu. Komabe zimachitika kuti pulogalamu ya masitoko kapena ya malipiro a sukulu, imene inayamba ngati yoyeserera, imatsala ikuyenda zaka pa kompyuta ya mu ofesi. Zimenezi zimandidetsa nkhawa, chifukwa m'menemo mumakhala maina ndi manambala a anthu enieni. Root alibe pasiwedi, ndipo code yambiri imalumikiza ngati root. Pakakhala bowo limodzi la SQL injection, lolola wakuba kulowetsa malamulo ake a SQL, root ali ndi ufulu wolemba fayilo pa disk, ndipo fayilo ya PHP yolembedwa mu htdocs imapatsa wakuba mphamvu zonse za Apache. Apache ikaikidwa ngati service pa Windows imayenda ndi ufulu wa SYSTEM, umene ndi wapamwamba kwambiri. Uthenga wa zolakwa nawo umakhala woyatsidwa, ukuonetsa aliyense njira za mafoda anu.

Phukusi silidzikonzanso lokha. Mu Juni 2024 a DEVCORE, kampani ya chitetezo cha makompyuta, analengeza bowo la CVE-2024-4577 mu PHP-CGI ya pa Windows, limene linkalola munthu wakutali kuyendetsa code yake, ndipo XAMPP pa Windows ya Chitchaina kapena Chijapani inali yotseguka mmene imabwerera. PHP inatseka bowolo mu 8.1.29, 8.2.20 ndi 8.3.8, koma XAMPP 8.2.12 ndi ya mu 2023. Pa Linux, apt upgrade imodzi imabweretsa zokonza zotere, pamene mu phukusi mumadikira eni ake kapena mumasintha PHP ndi manja. Ngati palibiretu njira ina, chitani izi zokha: root apatsidwe pasiwedi ndipo muilembenso mu phpMyAdmin\config.inc.php, pulogalamuyo ikhale ndi user wake wokhala ndi ufulu pa database imodzi yokha, display_errors ikhale Off, phpMyAdmin itsale pa Require local, ndipo port 80 isatsegulidwe pa router kupita kunja. Kompyuta yakale yomweyo itaikidwa Ubuntu Server kapena Debian ingagwire ntchitoyo bwino kwambiri.

Nthawi yochoka pa XAMPP imakwana pamene ntchito ziwiri zikufuna ma PHP osiyana, monga yakale ya kasitomala pa 7.4 ndi yatsopano ya Laravel 11 imene imafuna 8.2 kupita m'tsogolo. WampServer ndi Laragon zimalola kusintha PHP pa menyu. Mukamawonjezera PHP nokha pa Apache ya Windows tengani ya Thread Safe (TS), ndipo DLL ya Xdebug, chida chofufuzira zolakwa mu code, ifanane nayo pa nambala, pa TS, pa VS16 kapena VS17 ndi pa x64, apo ayi siidzalowa. Docker ndi zida zomangidwa pa iyo monga DDEV zimathetsa mpata wonse wa Windows ndi Linux, chifukwa ntchito iliyonse imayenda mu Linux yakeyake ndi ma version amene mwalemba m'fayilo. Mtengo wake ndi ma image a ma megabyte mazanamazana oti mudawunilode, WSL 2, ndi RAM imene laputopu ya 4 GB ilibe. Pa ntchito yaing'ono mwina simukufunanso phukusi lililonse: kuyambira PHP 5.4, php -S localhost:8000 -t public imadzutsa seva yoyeserera, ndipo SQLite imasunga database yonse mu fayilo imodzi, ngakhale kuti seva imeneyo siiwerenga .htaccess.

Pamene simungathe kufananitsa PHP yanu ndi ya pa seva, uzani Composer zoona. Lembani composer config platform.php 8.1.0, kapena nambala ina iliyonse imene seva ili nayo, kenako composer update. Kuyambira pamenepo Composer izisankha ma package oyenda pa PHP ya pa seva, osati ya pa laputopu yanu, ndipo foda ya vendor imene mudzakweze siidzakanidwa pa tsamba loyamba. Code yanu yokha ndi imene Composer singaiyang'anire, choncho syntax ya 8.2, monga readonly class, muipewe nokha mpaka seva itakwezedwa.